Ndine wamfupi, mamita 1.50, sikelo ikuti 60 kg: kodi thupi loyenera kutalika kwanga ndi lotani?

Nachisale

Moni nonse. Ndili ndi zaka 32, ndine wotalika mamita 1.50 ndipo ndikulemera 60 kg. M'chiuno tepi ikuti masentimita 84. Ntchito yanga ndi yokhala pansi tsiku lonse, ndipo ndimalera ndi jakisoni wa miyezi itatu. Mnzanga wotalika mamita 1.68 amalemeranso 60 kg yomweyo koma iye kuchipatala amamuuza kuti ali bwino, pomwe ine akuti ndichepetse. Ndichepetse mpaka pati, ndipo ndiyambire pati popanda kudzipha ndi njala? Nanga tiyi wochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa Facebook ndi wothandiza?

Nasuluma

Asisi, a kuchipatala sanamukondere mnzanuyo ayi, ndi masamu chabe. Amagwiritsa ntchito BMI, nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika: mumatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko. Kwa inu, 1.50 kuchulukitsa ndi 1.50 ndi 2.25, ndipo 60 kugawa ndi 2.25 ndi 26.7. Kwa mnzanuyo yankho ndi 21.3. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pansi pa 18.5 thupi lachepa, 18.5 mpaka 24.9 lili bwino, 25 mpaka 29.9 lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa koopsa.

Tikatembenuza masamuwa, mayi wa mamita 1.50 amayenera kukhala pakati pa 42 kg ndi 56 kg. Wa 1.45 ndi 39 mpaka 52, wa 1.55 ndi 44 mpaka 60. Onani kuti mpata wake ndi waukulu, makilogalamu 14, ndiye palibe nambala imodzi yoti aliyense wamfupi aithamangire. Wa mafupa aakulu ndi matako achibadwa akhoza kukhala bwinobwino pa 55, wa mafupa ang'onoang'ono pa 46.

Koma ine ndikuti muike mtima kwambiri pa tepi kuposa pa sikelo. Mafuta amene amabweretsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi a pamimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, osati a m'ntchafu. Nambala ya masentimita 80 a m'chiuno imene mumaiona m'mabuku ambiri ndi ya amayi onse mosaona kutalika, ndipo kwa wamfupi imachedwa kuchenjeza. Njira yabwino ndi yakuti chiuno chisafike theka la kutalika kwanu. Bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain linaika zimenezi m'malangizo ake mu 2022: 0.4 mpaka 0.49 zili bwino, 0.5 mpaka 0.59 ngozi yayamba kukwera, 0.6 kupita m'mwamba ngozi ndi yaikulu. Inu 84 kugawa ndi 150 ndi 0.56. Cholinga chanu ndi kutsika pansi pa masentimita 75. Malangizo omwewo anatsitsanso malire a BMI kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi a ku Asia, kuti kupitirira kumayambira pa 23 ndipo kunenepa koopsa pa 27.5, chifukwa shuga amatigwira thupi lisanakule kwambiri. Ndiye 26.7 wanuyo si woti mumunyozere.

Poyeza, ambiri amalakwitsa malo. Musayeze pomwe pamakhala lamba wa siketi kapena pamene pali popyapyala kwambiri. Pezani nthiti yomalizira ndi chala, pezaninso nsonga ya fupa la m'chiuno m'mbali, ndipo tepi ya telala idutse pakati pa ziwirizi, pakhungu, mutaimirira, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Tepi isapendekeke kumbuyo. Ngati tepi palibe, dulani chingwe chotalika ngati inuyo, chipindeni pawiri: chikalephera kukumana pamimba, yankho mwalipeza. Kutalikanso yezaninso mutavula nsapato, mutatsamira khoma, tsitsi litaphwasulidwa, chifukwa mesh kapena duku limawonjezera masentimita awiri atatu ndipo kwa wamfupi zimenezo zimasuntha BMI pafupifupi ndi nambala yathunthu.

Poyambira, musaganize za 50 kg. Kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse a thupi kumasintha kale shuga ndi BP. Kwa inu ndi 3 mpaka 6 kg, kutanthauza 57 kenako 54.

Mayi Nankhoma

A Nasuluma alongosola bwino za miyezo. Ine ndilankhule za m'mbale, chifukwa vuto la mayi wamfupi lili pamenepo: amadya chakudya chogawidwa molingana ndi anthu aatali.

Thupi likakhala laling'ono limatentha mphamvu zochepa. Pali masamu a Mifflin-St Jeor a mu 1990 amene akatswiri a zakudya amagwiritsa ntchito powerengera makalori, omwe ndi muyezo wa mphamvu zimene thupi limatentha. Kwa mayi: 10 kuchulukitsa ndi makilogalamu, kuphatikiza 6.25 kuchulukitsa ndi masentimita, kuchotsa 5 kuchulukitsa ndi zaka, kuchotsanso 161. Kwa inu mwana wanga zikutuluka makalori pafupifupi 1,220 patsiku mutangogona. Tikaonjezera kuyendayenda kwa munthu wa mu ofesi zimafika cha m'ma 1,700. Bambo wa masentimita 172 ndi 72 kg wogwira ntchito yofanana ndi yanu amafunika cha m'ma 2,300. Mukamadya mitanda yofanana ndi bambo a kunyumba, iwo akungokwanira pomwe inu mukusunga. Ndipo 2,000 amene amalembedwa pa mapaketi a zakudya si wanu. Ndowa yaing'ono imasefukira ndi madzi amene mu mgolo saoneka n'komwe.

Ndiye malangizo a pa intaneti oti chotsani makalori 500 kapena 1,000 patsiku musawatsate. Mukachotsa 1,000 pa 1,700 mwatsala ndi 700, imeneyo ndi njala: tsitsi limathothoka, msambo umasokonekera, minofu imasungunuka, ndipo mukatopa nazo thupi limabwerera ndi chiwongoladzanja. Chotsani 250 mpaka 300 basi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700, choncho mudzatsika pafupifupi kilogalamu imodzi pamwezi. Zikuoneka zochedwa, koma kwa thupi lanu kilogalamu imodzi imaoneka pa chilundu kuposa kwa mnzanu wamtali uja.

Makalori 300 amenewo asachokere m'ndiwo zomanga thupi. Achokere apa.

Mafuta ophikira ndiwo oyamba. Supuni yaikulu imodzi, mamililita 15, ili ndi makalori 120, ndipo pothira kuchokera m'botolo dzanja silidziwa malire. Werengani motere: banja la anthu anayi likamatha botolo la malita 2 m'masabata awiri, aliyense akudya mamililita 36 patsiku, makalori pafupifupi 300. Botolo lomwelo likatha mwezi wathunthu, aliyense watsika kufika pa 140. Thirani ndi supuni. Anyezi ndi matimati zimapsa bwino ndi supuni imodzi mukachepetsa moto n'kuvindikira, zikayamba kugwira pansi onjezerani timadzi. Masamba musachite kuwirikiza, kutendera ndi kukazinga pamodzi; sankhani chimodzi. Nsinjiro ndi chakudya chabwino koma mtedza uli ndi makalori pafupifupi 570 pa magalamu 100, ndiye supuni ziwiri kapena zitatu pa munthu zakwana.

Chachiwiri ndi zakumwa. Supuni yaing'ono ya shuga yosadzaza mpaka kutumphuka ndi magalamu 4, makalori 16. Makapu awiri a tiyi a supuni zitatu zitatu ndi pafupifupi 100, ndipo ambirife timatapa motumphuka. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi shuga wokwana magalamu 35, ngati supuni 9. WHO inanena mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu za tsiku, ndipo ndi bwino kwambiri akakhala pansi pa magawo 5. Pa 1,700 wanu, malire apamwamba ndi supuni 10, abwinowo ndi supuni 5. Chitini chimodzi chatsala pang'ono kumaliza zonse. Thobwa lotsekemera, maheu a m'sitolo, sobo ndi juwisi wa m'paketi zonse zili m'gulu lomwelo, ndipo zakumwa sizikhutitsa, mukamwa mumadyabe monga mwa masiku onse. Shuga wa m'tiyi tsitsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera.

Nsima musaisiye. Anthu amene amaisiya kwathunthu amathera pa buledi wa majarini ndi mandasi, zomwe zili ndi mafuta ambiri kuposa nsimayo. Ufa wouma uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, kaya ndi woyera kaya ndi mgaiwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mgaiwa uli ndi gaga, umakhalitsa m'mimba ndipo sunataye michere yambiri. Mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu inuyo, osati cha amene akuomola, ndiwo muyezo. Chipande cha kunyumba chikakhala chachikulu, dulani mtanda musanayambe kudya n'kubweza mbali inayo m'mbale ya onse. Theka la mbale likhale masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, khwanya, kholowa, kabichi. Mpunga, mbatata, chinangwa ndi nthochi zophika zimalowa m'malo mwa nsima, sizionjezeredwa pamwamba pake.

Tsopano apa ndi pamene mayi wamfupi ayenera kusamala kuposa wamtali. Mphamvu mumafuna zochepa, koma ayironi, kashiamu ndi mavitamini mumafuna pafupifupi zofanana ndi mayi wina aliyense, chifukwa msambo suona kutalika. Choncho m'mbale yanu mulibe malo ambiri a zakudya zopanda michere. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsa kusikelo aonekebe tsiku lililonse. Zomanga thupi zifike magalamu 65 mpaka 80 patsiku pamene mukuchepetsa, kuti chosungunuka chikhale mafuta osati minofu. Zimatheka motere: mazira awiri ndi magalamu 12, kapu ya nyemba zophika 15, usipa wouma wodzaza m'dzanja pafupifupi 15, kapu ya mkaka kapena chambiko 8, ndipo nsima ndi mtedza wa m'ndiwo zimaonjezera 15 ena. Usipa, bonya ndi matemba zili ndi ubwino wina, timadya ndi minga yomwe, ndiye kashiamu wa mafupa amapezeka. Tiyi musamwere limodzi ndi chakudya chifukwa amatchinga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Dikirani ola limodzi. Gwafa, lalanje, papaya kapena malambe pambuyo pa chakudya zimathandiza ayironiyo kulowa m'magazi. Soda kapena chidulo m'masamba chimapha mavitamini ena, chisiyireni therere lokha.

Bambo Mbewe

Achemwali, kuyenda n'kofunika koma ndikuuzeni zoona zake kuti musagwe ulesi. Munthu wa 60 kg akayenda mwandawala mphindi 30 amatentha makalori 110 mpaka 120. Wa 90 kg pa mtunda womwewo amatentha cha m'ma 170, poti akunyamula katundu wolemera. Ndiye mukayenda n'kudzilipira ndi mandasi kapena chipisi cha pachiwaya, mwabweza zonse ndi zina. Kuchepetsa thupi kumachitika m'khitchini. Masewera ndi otetezera mtima, shuga, minofu ndi mafupa.

Malangizo a WHO a 2020 akuti mphindi 150 mpaka 300 pasabata za masewera apakatikati, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Apakatikati ndi pamene mukutha kulankhula koma simungathe kuimba. Tsikani minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike, mphindi 15 m'mawa ndi 15 madzulo, zakwana 150 pa masiku asanu. Mu ofesi imirirani pakatha mphindi 30 mpaka 40 zilizonse. Kuyenda mphindi 10 mutangodya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri m'magazi.

Zolimbitsa minofu amayi ambiri amazithawa poopa kuoneka ngati amuna, makamaka aafupi amene amati afufuma. Sizichitika ndi masewera a pakhomo. Chitani izi kawiri kapena katatu pasabata, kusiya tsiku pakati: kukhala pa mpando ndi kudzuka osagwira ndi manja, kukankha khoma kapena m'mphepete mwa tebulo lolimba, kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde, kukoka chigubu cha malita 5 chodzaza madzi mutawerama msana uli wowongoka, ndi kugona chagada n'kukweza matako. Chilichonse kakhumi kapena ka 12, kupuma mphindi imodzi, kubwereza katatu. Zikayamba kuphweka onjezerani kulemera, nyamulani chigubu pachifuwa podzuka pampando. Chimene chimavulaza aafupi ndi zida za anthu aatali: mpando ukhale woti mapazi akuponda pansi onse, sitepe isapitirire pakati pa msongolo, apo ayi bondo ndi msana zimalira. Amayi a mafupa ang'onoang'ono ali pangozi yaikulu yofooka mafupa akadzasiya kusamba, ndipo kunyamula zolemera pano ndi njira imodzi yowalimbitsira.

Masewera a pamimba okha sachotsa mafuta a pamimba, ndipo lamba wothina uja amangokutulutsani thukuta.

Najere

Ndiyankhe za jakisoni ndi tiyi. Jakisoni wa miyezi itatu, Depo-Provera, amanenepetsadi amayi ena, osati onse, ndipo amene amakwera msanga m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ndi amene kawirikawiri amapitiriza kukwera. Yang'anani m'buku lanu la kuchipatala muone ngati kukwerako kunayamba limodzi ndi jakisoniyo. Ngati ndi choncho kambiranani ndi anamwino a zakulera. Lupu ya kopa ilibe mahomoni. Musangosiya popanda njira ina, mimba yosakonzekera ndi nkhani yaikulu kuposa makilogalamu atatu. Chimodzimodzi amene akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir: kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anaonetsa kuti thupi limakwera, makamaka kwa amayi. Mankhwalawo sasiyidwa, chofunika ndi kuuza adokotala kuti aziyeza thupi, shuga ndi BP. Prednisolone womwedwa nthawi yaitali ndi mankhwala ena a khunyu ndi a maganizo nawonso amanenepetsa. Ngati kunenepa kukubwera ndi kutopa, kumva kuzizira, kudzimbidwa ndi khungu louma, pemphani ayeze chithokomiro.

Tiyi uja musagule. Ambiri mwa matiyi otere amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba, kapena zokodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. Mukapitiriza, mchere wa potaziyamu umachepa m'magazi, mtima umagunda mosalongosoka, ndipo matumbo amazolowera kukankhidwa. Ena apezekapo atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika mu 2010 chifukwa choonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Thupi laling'ono limalandira mlingo womwewo umene wamkulu akulandira, ndiye limavulala msanga.

Musanayambe, yezetsani BP, shuga wa m'mawa musanadye, ndi kuchuluka kwa magazi. BP ya 140/90 kupita m'mwamba, shuga wa 7.0 mmol/L kupita m'mwamba, kapena magazi ochepera 12 ndi zoti adokotala azione kaye. Sikelo kwerani kamodzi pasabata, tsiku lomwelo, m'mawa mutachoka kuchimbudzi, pa simenti osati pamkeka. Msambo ukayandikira thupi limasunga madzi okwana kilogalamu imodzi kapena ziwiri, zomwe zingaphimbe ntchito ya mwezi wonse, choncho yerekezani mwezi ndi mwezi pa nthawi yofanana ya msambo. Mukakhala ndi pakati zochepetsa zonse ziime, ndipo poti muli pa masentimita 150 yambani sikelo msanga ndi kukachilira kuchipatala, azamba amayang'anitsitsa amayi aafupi chifukwa njira ya mwana imatha kuchepa.

Naphiri

Pepani ndilowerere. Nanga wamfupi amene akufuna kunenepa? Mng'ono wanga ali ndi zaka 24, mamita 1.49, 39 kg. Anthu akumunena kuti akudwala ndipo anzake amuuza za mankhwala a madzi onenepetsa.

Najere

BMI yake ndi 17.6, yachepadi. Malire apansi kwa iye ndi 41 kg, ndiye akufunika makilogalamu awiri mpaka asanu, osati khumi. Funso loyamba ndi lakuti kodi wakhala choncho kuyambira kale kapena watsika posachedwa. Kutsika ndi magawo 5 pa 100 m'miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka osafuna, kwa iye 2 kg yokha, n'kofunika kuchipatala: chifuwa chachikulu, HIV, shuga, chithokomiro chothamanga, njoka za m'mimba, ngakhale nkhawa. Msambo ukasiya miyezi itatu alibe pakati, apitenso. Mufunseninso mofatsa, muli awiri, ngati amadzimana chakudya dala kapena kudzisanzitsa, poti matenda amenewo aliponso kwathu kuno ndipo amabisika.

Mankhwala a madziwo ambiri ndi cyproheptadine, monga Apetamin. Ndi mankhwala a ziwengo amene amabweretsa njala ndi tulo tambiri, ndipo avulazapo anthu chiwindi; ku Britain ndi ku America ndi osaloledwa kugulitsa pansi pa dzina limenelo. Oopsa kwambiri ndi timapilisi ta dexamethasone timene ena amagulitsa pamodzi nawo. Timatupitsa nkhope ndi mimba pomwe miyendo ikuonda, timakweza shuga ndi BP, timafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi. Amene wayamba kale kumwa kwa masabata angapo asasiye mwadzidzidzi, thupi limatha kugwa. Adokotala ndiwo amatsitsa mlingo pang'onopang'ono.

Mayi Nankhoma

Akapezeka kuti alibe matenda, aonjezere makalori 300 mpaka 400 patsiku. Mimba ya munthu wamng'ono siilandira mbale yaikulu, ndiye kumuunjikira mitanda kumangomunyansitsa chakudya. Adye kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pang'onopang'ono, ndipo chakudya chomwecho chilemeretsedwe: phala la mgaiwa lothira supuni ziwiri za nsinjiro ndi mkaka, futali, theka la peyala pa nkhomaliro, mtedza wokazinga wodzaza dzanja umene uli ndi makalori pafupifupi 170, dzira lowiritsa, kapu ya chambiko asanagone. Madzi ndi tiyi amwe akatha kudya kuti zisadzaze m'mimba. Fanta ndi mandasi zimakweza sikelo koma zimapita pamimba, ndipo munthu woonda wa mimba yotuluka amadwala shuga ngati wonenepa. Achitenso masewera a minofu amene a Mbewe alemba, kuti zina mwa zoonjezerazo zikhale mnofu. Kilogalamu imodzi pamwezi ndi liwiro labwino kwa iyenso.

A Nachisale, chinthu china chimene ndinaiwala: thupi likatsika kufika pa 56 kapena 55 mudzaona sikelo itaima kwa masabata angapo. Thupi lochepa limatentha zochepa, pafupifupi makalori 14 patsiku pa kilogalamu iliyonse yomwe yachoka, ndiponso dzanja limayamba kubwerera ku muyezo wakale osazindikira. Pamenepo musadule chakudya china. Yezaninso mafuta ndi shuga ndi supuni kwa sabata imodzi, onjezerani mphindi 10 pa kuyenda, gonani maola 7 kapena kuposerapo poti tulo tochepa timakulitsa njala, ndipo muone tepi. Ngati chiuno chatsika pansi pa 75 pomwe sikelo ikuti 55, mwafika, chotsalira ndi kusunga pomwepo.